Kalombo ka HIV kamayamba kuononga munthu akali wonenepa

M'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ngakhalenso ku Katete ndi ku Petauke, muli mau amene afala masiku ano, maka maka pakati pa anyamata ndi azibambo ocezera kumowa. Iwo amati Edzi inatha mphamvu. Amati munthu akatenga kalombo angopita ku kiliniki, alandire mapiritsi aulere, nkumakhala monga wodwala BP kapena shuga. Kaamba ka maganizo otere ambiri aleka kubvala kondomu, ndipo mau akale aja akuti siwiti sadyera m'pepala abweranso.

Zonenazi ziri ndi coona cace. Munthu amene wapimitsa msanga, nayamba mankhwala msanga, namamwa tsiku ndi tsiku, angathe kukalamba monga wina ali yense. Koma pali mbali imene ocezera kumowa saichula. Pakati pa usiku umene kalombo kalowa m'thupi ndi tsiku limene munthu amwa piritsi loyamba pamapita nthawi, kwa ena miyezi, kwa ambiri zaka. M'nthawi imeneyo kalombo sikagona. Zina zimene kaononga m'zaka zimenezo sizibwerera mwakale, ngakhale munthuyo atamwa mankhwala bwino bwino moyo wace wonse.

Akulu akulu adziwa kumene dziko lino lacokera. Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Zambia mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wace Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi Edzi. M'zaka za m'ma 1990 mankhwala kunalibe. Anthu anali kuwachula matendawa kuti kaliondeonde, ndipo m'komboni mlungu sunali kutha popanda maliro. Ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2002, mu 2005 malipiro ace anacotsedwa, ndipo kuyambira 2017 ali yense wopezeka ndi kalombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe wadwala. Maliro acepa ndithu. Komatu kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a zaka 15 kupita m'mwamba, 11 anali ndi kalombo. Mwa akazi 100 anali pafupi fupi 14, mwa amuna 100 anali 8. Anapezanso kuti mwa anthu 100 okhala ndi kalombo, 11 sanali kudziwa.

Cimacitika nciani pogonana popanda kondomu?

Kalombo ka HIV, kamene ena amati kadoyo, kamakhala m'magazi, mu umuna, m'madzi a kumalisece kwa mkazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Sikayenda m'thukuta, m'mbale ya nsima, m'cimbudzi kapena mwa udzudzu. Pogonana kamalowera pa khungu lofewa la m'kati mwa ziwalo zobisika. Mkazi ali pangozi yoposa cifukwa khungu lotere nlalikulu mwa iye, ndipo umuna umakhalitsa m'thupi mwace. Mtsikana wamng'ono, amene njira yace siinakhwime, amacekeka msanga, ndipo ngozi imakula pamene mwamuna wogona naye ali wamkulu amene wayenda kale ndi akazi ambiri. Mankhwala amene amai ena amaika kumalisece kuti kuume amacititsa ting'alu tosaoneka ndi maso, ndipo kalombo kamapeza khomo pomwepo.

Si nthawi zonse pamene munthu agona ndi wa kalombo kuti amatenga. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Bambo amati anagona ndi uje kangapo, anakapimitsa, sanampeze nako, ndiye kuti magazi ace ngolimba. Magazi olimba kulibe. Wapulumuka dzulo angathe kutenga mawa.

Cinanso cimene anthu sacidziwa ndi ici: munthu amapatsira anzace koposa m'milungu yoyamba atangotenga kalombo, pamene kaculuka kwambiri m'magazi. Pa nthawiyo ena amamva malungo, mutu, zilonda za pakhosi ndi totupa pakhungu, patapita milungu 2 kufika 4. Amagula Panado pa kantemba, napola. Ena samva kanthu konse. Ngakhale atapimitsa, cipimo ca pa cala cingathe kusaonetsa kalombo kufikira patapita miyezi 3. Motero mwamuna wa cibwenzi kunja ndi mkazi kunyumba angathe kupatsira onse awiri mwezi umodzi, cikalata cace ca ku kiliniki ciri kunena kuti alibe.

Matenda ena oyendera njira yomweyo

Kondomu sicinjiriza ku HIV yokha. Cinzonono, cindoko, mabomu ndi zilonda zina za kumalisece zikali m'makomboni, ndipo ciri conse ca izi cimatsegulira kalombo njira. Mwamuna wa cinzonono amadziwa msanga cifukwa amatuluka mafinya ndipo amamva kuwawa pokodza. Mkazi kawiri kawiri samva kanthu. Matendawo amakwera pang'ono pang'ono kufika m'ciberekero ndi m'macubu odutsa mazira, nasiya zipsera zimene zimatseka njira. Patapita zaka mai uja amapezeka kuti sakutenga mimba, kapena mimba imakhala m'cubu, niphulika, nataya magazi m'mimba mpaka kufuna opareshoni yamwadzidzidzi. Acibale a mwamuna amamunena kuti ndi cumba, ena amathamangira kwa sing'anga kukafuna mfiti, pamene gwero lace linali cinzonono cimene bambo anabwera naco, nadziciritsa yekha ndi makapisozi a pamsika osauza mkazi wace. Kuciritsa mmodzi m'banja ndi kutaya mankhwala cabe. Onse awiri ayenera kulandira pamodzi.

Cindoko cimayamba ndi cilonda cosawawa cimene cimapola cokha, koma matenda amatsala m'magazi. Kwa mai wapakati cimacititsa kupita padera kapena kubala mwana wakufa, ndipo ndico cifukwa cace ku sikelo amapima magazi a cindoko. Jekeseni wa penisilini amaciritsa. Palinso kalombo ka hepatitis B kamene kamaumitsa ciwindi mwakacetecete, ndi ka HPV kamene kamayambitsa khansa ya khomo la ciberekero.

Zaka zimene munthu aoneka bwino

M'magazi muli asilikali ocinjiriza thupi ku matenda, amene ku cipatala amawachula kuti ma CD4. Munthu wabwino bwino amakhala nao 500 kufika 1,500 m'kadontho kocepetsetsa ka magazi. Kalombo ka HIV kamalowa mwa asilikali amenewa, kamaswana m'menemo, nkuwapha. Thupi limapanga ena, kalombo nkuphanso, tsiku ndi tsiku. Ncimodzi modzi ndi ciswe m'mphuthu ya citseko: kunja utoto uli bwino bwino, m'kati mwatsala dothi lokha. Popanda mankhwala nkhondo imeneyi imatenga zaka 8 kufika 10 mwa anthu ambiri Edzi isanaonekere. Zaka zonsezo munthu amadya, amanenepa, amagwira nchito, amakwatira ndi kubala ana. Kuyang'ana thupi la munthu sikupima.

Zizindikiro zoyamba zimabwera zimodzi zimodzi, ndipo ciri conse cimapezeredwa cifukwa cina. Mashingozi, matuza oocha ngati moto amene amatuluka mbali imodzi ya thupi, akagwira munthu wacinyamata kawiri kawiri amasonyeza kuti asilikali acepa. Anabere otupa m'khosi ndi m'khwapa, zoyera mkamwa ngati mkaka wogona, kutsegula m'mimba kopitirira mwezi, zilonda za pakhungu zosamva mankhwala, zonsezi ziyenera kumfikitsa munthu pa cipimo.

Ma CD4 akatsika kufika pansi pa 200, matenda akulu amalowa. Woyamba ndi TB, imene ndiyo imapha anthu a HIV koposa matenda ena onse. Mwa munthu wa kalombo TB siikhala m'mapapo mokha. Imapita m'mimba, m'msana, m'thumba lokuta mtima, ngakhale ku bongo, ndipo wodwala angathe kumangoonda ndi kutuluka thukuta usiku osatsokomola kweni kweni. TB ya m'mapapo imacira ndi mankhwala a miyezi 6, koma yocedwa kupezeka imasiya mapapo a zipsera. Munthu wotero amacira, komabe wefuwefu samutha. Bambo amene anali kunyamula makasitomala pa njinga kucokera ku Kapata kukwera zitunda za Chipata amapezeka kuti sangathenso kupalasa, ndipo banja lataya cakudya.

Waciwiri ndi matenda oumitsa khosi obwera ndi tizirombo ta mtundu wa nkhungu tochedwa Cryptococcus. Amayamba ndi mutu wosaleka kwa milungu, wosamva Panado, kenaka kusanza, kuona zinthu ziwiri ziwiri ndi kusokonezeka maganizo. Acibale amayesa misala kapena ziwanda, natengera wodwala kumapemphero. Akafika ku cipatala, madotolo amapempha kucotsa madzi a kumsana, ndipo apa mabanja ambiri amakana, amati jekeseni wa pamsana amapha. Cikhulupiriro cimeneci cataitsa miyoyo yambiri. Cinayamba cifukwa odwala ambiri anali kufika mocedwa, nacotsedwa madzi ali kale pafupi kufa, ndipo anthu anaika mlandu pa singano. Coona ncakuti matendawa amaculukitsa madzi m'mutu, madziwo napanikiza bongo ndi mitsempha ya maso. Kucotsako madzi kumasonyeza matenda eni eni, kumacepetsa mutu ndiponso kumapulumutsa maso. Amene acedwa, ngakhale apulumuke, ena amatsala akhungu kapena ogontha, ndipo ma ARV sangabweze maso amene afa.

Palinso khansa. Mu 1983 dotolo wa opareshoni pa cipatala ca UTH ku Lusaka, Anne Bayley, anaona kuti acinyamata ayamba kudwala khansa ya Kaposi ya mtundu waukali umene sunali kuoneka kale. Khansayi imatuluka ngati mawanga akuda olimba pa miyendo, pankhope ndi mkamwa, ndipo imatupitsa miyendo. Lero yacepa cifukwa ca ma ARV, koma imaonekabe mwa ocedwa kupimitsa. Kwa amai, yoopsa koposa ndi khansa ya khomo la ciberekero. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati ngozi ya khansayi imakula kasanu ndi kamodzi mwa mai wa HIV poyerekeza ndi mai wopanda kalombo. Poyamba siwawa. Pamene mai ayamba kutaya magazi pogonana kapena kutuluka madzi onunkha, nthawi zambiri yapita kale patali. Kuyambira 2006 makiliniki a m'Zambia akhala akupima khomo la ciberekero, ndipo malo okaikitsa amaciritsidwa asanasanduke khansa. Mai ali yense wa kalombo wa zaka 25 kupita m'mwamba ayenera kupimitsa ndi kubwerera pa tsiku limene anamwino amuuza. Katemera wa HPV wakhala akuperekedwa kwa atsikana acicepere m'dziko lonse kuyambira 2019, ndipo makolo asamakanize ana ao.

Ngakhale asilikali a m'thupi enieniwo sabwerera mofanana. Woyamba mankhwala ali ndi ma CD4 oculuka amakhala nao oculuka. Woyamba atatsala ndi 50, kalombo kamagona ndithu, koma asilikali amakwera mocedwa, ndipo mwa ena safikanso pa mlingo wa munthu wabwino. Otere amapatsidwanso Septrin ndi mankhwala ocinjiriza TB. Septrin asamamuyese wacabe: kafukufuku amene anacitika pa UTH, nafalitsidwa mu 2004, anaonetsa kuti piritsi lochipali linacepetsa imfa za ana a HIV ndi 43 pa 100.

Kwa amene ali kale pa mankhwala

Anthu ambiri m'Zambia tsopano amamwa piritsi limodzi pa tsiku lochedwa TLD, lophatikiza mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Nlamphamvu ndipo mabvuto ace ngocepa poyerekeza ndi mankhwala akale. Amene anayamba kale kale akumbukira stavudine, amene anali kufwetsa masaya ndi matako ndi kuocha mapazi. Analeka kuperekedwa, koma ena atsala ndi dzanzi la kumapazi mpaka lero.

Mankhwalawa sapha kalombo konse. Amakagoneka cabe, ndipo kotsalako kamabisala m'thupi. Kaamba ka ici, ndiponso cifukwa anthu a HIV tsopano akufika zaka 50 ndi 60, ku makiliniki kukuoneka matenda a ukalamba amene amabwera msanga kapena kawiri kawiri mwa iwo: BP, shuga, matenda a mtima, sitiroko, kufooka kwa mafupa ndi kuiwala iwala. Ena amanenepa kwambiri atayamba TLD, maka maka amai. M'komboni kunenepa amakuyamikira, koma kunenepa kopitirira kumaitana shuga ndi BP. Fodya amaonjezera ngozi ya mtima ndi mapapo, ndipo kacasu amamaliza ciwindi ndi kuiwalitsa mapiritsi.

Impso zifuna kusamalidwa mwapadera. Kalombo keni keniko kamaziononga, ndipo tenofovir nayenso amazilemetsa mwa anthu ena. Impso siziwawa zikamafa. Cimaonetsa ndi cipimo ca magazi ndi mkodzo. Wakumwa ma ARV asazolowere kugula Brufen kapena Diclofenac pa kantemba nthawi iri yonse pamene msana wawawa, ndipo apewe mabotolo a zitsamba ogulitsidwa pamsika amene amati amatsuka magazi. Mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala a cilungulira angathe kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi, tsono anamwino ayenera kuuzidwa kuti alongosole nthawi yomwera. Wakumwa mankhwala a TB nayenso amaonjezeredwa dolutegravir. Cipimo ca kuculuka kwa kalombo m'magazi cimacitika patapita miyezi 6 ciyambire mankhwala, kenaka pa miyezi 12, ndiyeno caka ndi caka. Kutuma mwana kukatenga mapiritsi nthawi zonse, mwini wace osaonekera ku kiliniki, kumaphonyetsa zipimo zonsezi.

Bvuto lalikulu koposa ndi kuleka mankhwala. Ena amaleka cifukwa amva bwino, ena cifukwa auzidwa kumapemphero kuti acira, ena cifukwa alowa m'banja latsopano ndipo aopa kuti mnzao aona botolo. Ena ndi a malonda odutsa pa Mwami kupita ku Malawi kapena pa Chanida kupita ku Mozambique, amene mapiritsi amawathera pa ulendo. Kalombo kamadzuka m'milungu yocepa cabe. Kumwa modumpha dumpha kumakaphunzitsa kuzolowera mankhwala, ndipo kakazolowera munthu amasamutsidwira ku mankhwala ena obvuta kumwa. Amene alinso ndi hepatitis B akaleka TLD mwadzidzidzi ciwindi cingathe kutupa koopsa. Masiku ano ambiri ogonekedwa m'mawodi ndi Edzi yeni yeni ndi anthu amene anayambapo mankhwala kale, nasowa. Wotero akabwerera asacite manyazi, ndipo asapite ku kiliniki ina kukadzionetsa ngati watsopano, cifukwa madotolo afunika kudziwa mankhwala amene anamwapo.

Kubvutika mumtima nakonso ndi matenda. Munthu amene sagona, sadya, wangokhala ndwii ndipo aganiza zodzipha ayenera kuuza aphungu a ku kiliniki. Thandizo liripo.

Njira zodzicinjiriza

Kondomu yobvalidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndiyo yokha imene imacinjiriza ku HIV, ku matenda ena opatsirana pogonana ndi ku mimba yosakonzekera nthawi imodzi. Isapakidwe Vaseline kapena mafuta ophikira cifukwa amaing'amba, ndipo kubvala awiri sikuonjezera citetezo. Mdulidwe wa abambo wa ku cipatala umacepetsa ngozi yotenga kalombo kwa mkazi ndi 60 pa 100, monga anaonetsera kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007. Ngozi ina imatsalabe, ndipo wodulidwa ayenera kudikira milungu 6 kuti cilonda cipole.

Munthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kalombo kosaonekanso pa cipimo sapatsira mnzace pogonana. Ici catsimikizidwa, ndipo mabanja amene mmodzi ali nako wina alibe akubala ana opanda kalombo. Popanda mankhwala, mwa ana 100 obadwa kwa amai a HIV, 15 kufika 45 amatenga kalombo. Mai akamamwa bwino pa nthawi ya mimba ndi yoyamwitsa, amatenga ndi ocepera 5. Mai amene anapezeka alibe kalombo poyamba sikelo ayenera kupimitsanso mimba itakula ndi poyamwitsa, cifukwa akatenga pa nthawi imeneyo mwana amakhala pangozi yaikulu. Bambo wopita kunja mkazi wace ali ndi pakati kapena ali ndi khanda adziwe zimenezi.

Kwa munthu wopanda kalombo amene adziwa kuti ali pangozi, monga mai amene mwamuna wace akana kondomu ndi kupimitsa komwe, kuli mankhwala ochedwa PrEP, omwedwa tsiku ndi tsiku. Mu 2024 Zambia inayambanso kupereka PrEP wa jekeseni wa miyezi 2 iri yonse m'malo ena. PrEP sacinjiriza ku cinzonono, cindoko kapena mimba.

Ngozi ikacitika kale, monga kondomu kung'ambika, kugonana ndi munthu wosadziwika mowa uli m'mutu, kapena kugwiriridwa, kuli mankhwala a PEP amene amamwedwa masiku 28. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino koposa akayambidwa tsiku loyamba. Wogwiriridwa, kaya ndi mwana kaya wamkulu, apite naye ku cipatala msanga, nkhani za pabanja ndi za kwa aceyamani zibwere pambuyo. Ngozi ya pa Cisanu usiku siiyenera kudikira Lolemba, pakuti pofika Lolemba usiku maola 72 amakhala atatha. Zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete zimalandira odwala mwadzidzidzi usana ndi usiku, Loweruka ndi Sondo lomwe.